Ulendo wa ku Oshkosh pa Cessna 172: momwe ntchito ikuyendera

Febuluwale

Tamanga mfundo imodzi ndi alamu anga: chaka chino ku Oshkosh tikalowa pa ndege yathu, ndipo tikagona m'tenti pansi pa phiko lake. Za galimoto ndi hotelo taziika pambali. Ndatsegula zolemba izi kuti zomwe tachita zizioneka, ndipo zomwe zatsala zisabisale mpaka sabata yonyamuka.

Msonkhanowu dzina lake ndi EAA AirVenture, ndipo umachitika kumapeto kwa Julayi pa bwalo la ndege la Wittman Regional mumzinda wa Oshkosh, m'chigawo cha Wisconsin, chakumadzulo kwa nyanja ya Winnebago. Bungwe la EAA (Experimental Aircraft Association) analiyambitsa Paul Poberezny mu 1953 ku Milwaukee, pamodzi ndi anzake okonda kudzipangira okha ndege. Msonkhano wawo utakula unasamukira ku Rockford, Illinois, mu 1959, kenaka ku Oshkosh mu 1970. Masiku ano ndege zofika pa Wittman ndi mabwalo oyandikana nalo m'sabata imeneyo zimaposa 10,000, ndipo chiwerengero cha anthu olowa pazipata chimapitirira 600,000. Koma bwalo lenilenilo si lalikulu choncho. Misewu yake ikuluikulu yoterapo ndi iwiri, 18/36 wa mafiti 8,002 ndi 9/27 wa mafiti 6,179. Funso lomwe lakhala likundizunguza mutu ndi lakuti ndege zochuluka chotere zimalowa bwanji pakhomo lopapatiza chonchi osagundana. Yankho lake ndilo latipatsa ntchito ya miyezi ikubwerayi.

Ndege yathu ndi Cessna 172M ya 1975, ya injini ya Lycoming O-320 ya 150 hp, ndipo imagona pa kabwalo kena kumadzulo kwa Ohio. Woyendetsa ndine. Alamu alibe laisensi, koma maso awo ndi akuthwa ndipo sabalalika msanga, ndiye mpando wakumanja ndi wawo. Ntchito yawo idzakhala kuyang'ana ndege zina basi.

Malichi

Ndege ili kwa makaniko, akuiunika monga lamulo limafunira chaka ndi chaka. Ndinapempha kuti zichitike tsopano, osati mu Juni, kuti sipeya aliyense akachedwa atipeze tidakali ndi nthawi. Masilinda onse anayi ali bwino. Asintha mapadi a mabuleki, tayala lakumanja, ndi malabala a ma baffle, omwe amakakamiza mpweya kudutsa pakati pa masilinda. Pa malabalawo ndinaumirira ndine. Ku Oshkosh ndege ikatera imatha kuyenda pa udzu mtunda wautali, pang'onopang'ono, dzuwa likuswa mtengo, ndipo injini yomwe imazizira ndi mpweya imatentha msanga ikamakwawa chotero.

China chomwe ndalipira mosanyinyirika ndi kuyeza geji ya liwiro ndi altimeter, geji yoonetsa msinkhu womwe ndege ili. Kwa ife ouluka poona ndi maso, lamulo silikakamiza kuyeza altimeter miyezi 24 iliyonse monga limachitira kwa ouluka m'mitambo. Koma kumeneko aliyense amayenera kukhala pa liwiro limodzi ndi msinkhu umodzi. Geji yako ikamanama ndi ma knot 6 (knot ndi muyeso wa liwiro la ndege), iwe uziona ngati zonse zili bwino pomwe ukumukwera wakutsogolo, kapena ukuunjika mzere wonse kumbuyo kwako. Zathu zapezeka kuti zikunena zoona. Taikanso nyali ya LED yoterera, yoti iziyaka ulendo wonse kuti tizioneka, ndipo tachotsa zophimba matayala poti m'matope zimangodzaza.

Epulo

Sabata ino inali ya sikelo. Ndege yathu siloledwa kunyamuka ikulemera kuposa mapaundi 2,300. Yopanda kanthu imalemera 1,460, ndiye zotsala ndi 840. Mafuta ogwiritsika m'matanki ndi magaloni 38, ndipo galoni imodzi ya mafuta a ndege a 100LL ndi mapaundi 6, kutanthauza 228. Ine ndi alamu pamodzi ndife 370. Katundu yense wa sabata yathunthu ayenera kukwana m'mapaundi 242, ndipo kumbuyo koika katundu kumalola 120 okha. Otsalawo akwera pa mpando wakumbuyo, atamangidwa ndi malamba, apo ayi kulemera kumathawira kumchira ndipo ndege imavuta kuigwira ikamayenda pang'onopang'ono, nthawi yomwe umaifunitsitsa kuti ikumvere.

Tinayala zonse pansi n'kumayeza chimodzichimodzi. Tenti, matiresi opopa, zofunda, zovala, mbaula ya gasi, mipando iwiri yopinda, wailesi ya m'manja, mabatire, mafuta a injini, zida zochepa. Zikhomo zomangira ndege ndi hamala yake zokha zadya mapaundi 18, ndipo matabwa atatu oika pansi pa matayala adya 12. Alamu anafuna kuti matabwawo atsale, m'malo mwake tikweze bokosi lalikulu la ayezi. Ndinawauza kuti, "Alamu, zakumwa zozizira mukazigula komweko, koma tayala likamira m'dothi lonyowa palibe golosale yomwe ingalizule." Bokosi lalikulu latsala, tatenga chikwama chofewa chaching'ono. Madzi ndi chakudya tikagula tikafika. Pano tili pa mapaundi 226.

Meyi

Maphunziro ayamba ndi aphunzitsi anga akale, omwe analowapo ku Oshkosh kangapo. Choyamba n'chosavuta kunena: ma knot 90, mafiti 1,800 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, osakwera osatsika. Bwalo la Wittman lili pa mafiti 808, ndiye kumeneku ndi kuuluka mafiti pafupifupi 1,000 kuchokera pansi, pomwe masana a Julayi mpweya wotentha umakunyamula n'kukusiya. Ndege zomwe sizingayende bwino pa 90 zili ndi msinkhu wake, mafiti 2,300 pa ma knot 135, koma umenewo si wa munthu amene angofuna kufika msanga. Ndapeza kuti ndege yathu itadzaza imakhazikika pa 90 injini ikakhala cha m'ma 2,150 rpm. Nambala imeneyo ndailemba pa tepi n'kuimata pafupi ndi throttle, chowonjezerera mphamvu ya injini, kuti tsikulo maso akhale kunja, osati pa mageji.

Chachiwiri ndi kutera pamalo pomwe wauzidwa. Ku Oshkosh amapaka madontho akuluakulu amitundumitundu pa msewu woterapo, ndipo msewu umodzi amaugawa ngati misewu iwiri kapena itatu: wina akutera pa dontho loyandikira, wina pa lakutsogolo, nthawi imodzi. Aphunzitsi amasankha chizindikiro pa msewu wathu, ndikatsala pang'ono kugunda pansi amasintha: "Ayi, pitirirani, terani pa chachitatu." Pamenepo umawonjezera mphamvu pang'ono, kuuluka motsatira msewu mafiti ochepa kuchokera pansi, kenaka n'kuikhazika. Kutera msanga pomwe wauzidwa kupitirira ndiko koopsa, chifukwa kumbuyo kwako kuli wina amene wapatsidwa malo omwewo.

Chomwe takhalitsapo kwambiri ndi kona yomaliza, pomwe ndege imakhota kuti ilunjike msewu woterapo (kuchoka pa base kulowa pa final). Ngozi zambiri zopha anthu pafupi ndi mabwalo zimachitikira pamenepa, ndipo pamsonkhano ngati uwu zifukwa zake zimachuluka: wauzidwa kukhota msanga, anthu zikwizikwi akukuyang'ana, mphepo yakukankha mpaka wapitirira mzere wa msewu. Munthu amapendeketsa ndege kwambiri, kukoka chiwongolero, kuponda rudder, chiwongolero cha kumchira, kuti mphuno ibwerere, liwiro lili pansi. Phiko limodzi limasiya kunyamula, ndege n'kugudubuzika, ndipo pamsinkhu umenewo palibe danga loiwongolera. Ndege ikapendekeka madigiri 60 osatsika, liwiro lomwe mapiko amachitira stall (kusiya kunyamula ndege) limakwera ndi 41 peresenti. Tagwirizana malire: madigiri 30, osapitirira, ndipo zikakanika ndiwonjezera mphamvu yonse n'kukayambiranso, kaya pansanja ya owongolera ndege akondwa kaya ayi. Aphunzitsi anawauza alamu maso ndi maso kuti, "Achimwene, mukaona geji yatsika pansi pa 65 tisanawongoke, nenani mokweza. Musachite ulemu." Alamu avomera.

Tayesereranso kuzungulira bwalo chakumanja. Woyendetsa amakhala kumanzere, ndiye pa Cessna ya mapiko am'mwamba msewu umabisika ukamakhotera kumanja, ndipo njira yolowera msewu 27 (9/27 uja, ukamatera cholowera kumadzulo) ndi yotero.

Juni

Chikalata cha chaka chino cha FAA, bungwe la boma la America loyang'anira za ndege, chofotokoza kalowedwe ka ku Oshkosh, tachisindikiza, makope awiri, masamba oposa 30. Kale ankachitcha NOTAM, pano amangoti Notice. Chimasintha chaka ndi chaka, ndiye cha chaka chatha tachitaya kuti chisasakanikirane.

Ndikachiwerenga ndimaona kuti ntchito yonse yagona pa chinthu chimodzi chomwe oyendetsa ndege sitinachizolowere: kukhala chete. Pa bwalo lililonse la nsanja umaitana, kunena nambala yako, kubwereza zomwe wauzidwa. Kuno ayi. Ukatsala mtunda ndithu umamvera ATIS, uthenga wojambulidwa wa za pabwalo, pa wailesi 125.9, yomwe imakuuza poyambira mzere. Kale onse ankayambira pa tauni ya Ripon, mamailosi 15 kummwera chakumadzulo kwa bwalo, koma ndege zitachuluka anawonjezera malo ena chakumadzulo: Green Lake, Puckaway Lake ndi Endeavor Bridge. Ukafika pamenepo umapeza ndege ya liwiro lako n'kuitsatira, kusiya theka la mailo pakati panu. Palibe kupitirira mnzako, palibe kuyenda pambali pake, palibe kukhotakhota kuti uchepetse liwiro. Wakutsogolo akakhala wochedwa moti sungathe kumutsatira, umatuluka mumzere n'kukayambiranso. Kuchoka pa Ripon umatsata njanji yeniyeni, uli pamwamba pake ndendende, mpaka kamudzi ka Fisk.

Pa Fisk pali owongolera ndege atakhala panja m'mbali mwa njanji, ali ndi mabainokyula. Sakudziwa nambala yako ndipo sakuifuna. Amakutchula mtundu ndi penti: Cessna yoyera ya mzere wabuluu, gwedezani mapiko. Ukagwedeza, adziwa kuti wamva, ndipo amakupatsa msewu ndi nambala ya wailesi ya nsanja. Iwe osayankha ngakhale liwu limodzi. Chifukwa chake n'chachidziwikire ukachiganizira: ndege imadutsa pamenepo masekondi pafupifupi 20 aliwonse mzere ukadzaza, ndipo munthu mmodzi akangotsegula pakamwa kufotokoza za iye mwini, awiri akumbuyo kwake adutsa osamva malangizo awo.

Ichi ndicho chandikhudza mtima pa ntchito yonseyi. Owongolera aja ndi akatswiri, amasankhidwa kuchokera m'nsanja zosiyanasiyana za FAA ndipo amadziwika ndi malaya awo apinki, koma pakati pa Green Lake ndi Fisk sali nawe. Amene akukuteteza kumeneko ndi munthu wosamudziwa yemwe ali kumbuyo kwako, amene ukukhulupirira kuti anawerenga masamba omwewa ndipo geji yake ili pa 90. Iyenso wakutsogolo akukhulupirira iwe chimodzimodzi, sadzakuona nkhope, sadzamva mawu ako. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati chikalatachi ukhoza kungochiyang'ana usiku womaliza. Munthu wotero akusenzetsa anzake katundu wake.

Alamu akumandifunsa mafunso madzulo: ukapatsidwa msewu 36L (18/36 uja, ukamatera cholowera kumpoto) umakhotera kuti? Pa Fisk umasiya njanji, kutsata msewu wa galimoto wa Fisk Avenue kulowera kummawa, wailesi pa 126.6. Nanga 27? Umapitiriza ndi njanji, wailesi pa 118.5, kulowa downwind yakumanja (kuuluka m'mbali mwa msewu usanakhote kukatera) osapitirira mgodi wa miyala womwe uli kumpoto kwa msewu. Nanga bwalo likatsekedwa? Umazungulira nyanja yomwe wauzidwa, liwiro ndi msinkhu womwewo, mpaka atatsegula. Tsamba la msewu uliwonse taliika kachizindikiro kake kuti alamu azitsegula ndi dzanja limodzi.

Tayesanso theka la mailo ndi maso. Mnzathu wa pabwalo pathu anauluka patsogolo pa Cherokee yake, ife kumbuyo, kuti ndione kukula kwa ndege pagalasi ikakhala pa mtunda umenewo. Ndi pafupi kuposa momwe thupi limafunira.

Zikwangwani zoonetsa pagalasi kwa otilondolera pansi zatha: pepala loyera, zilembo zikuluzikulu zakuda. GAC ndi ya ogona pambali pa ndege wamba, ndipo imakufikitsa ku msasa wa North 40, m'mbali mwa msewu 9/27, kapena ku South 40 kukadzaza. Malo a ndege zakale, a chikwangwani cha VAC, amalandira zopangidwa mpaka 1970, ndiye yathu ya 1975 sikwanira. Chikwangwani chachiwiri ndi VFR, kutanthauza ouluka poona ndi maso, chodzanyamukira. Umembala wa EAA ndaukonzanso, poti wogona pabwalo ayenera kukhala membala, ndipo amalipiritsa masiku osachepera atatu.

Julayi, sabata yoyamba

Tsiku tasankha: Lachisanu, msonkhano usanatsegulidwe Lolemba. Loweruka ndi Lamulungu ndi pomwe mzere umadzaza kwambiri, komanso ndi masiku omwe magulu akuluakulu a ndege za mtundu umodzi amalowa pamodzi, a Bonanza, a Cessna, a Mooney, a Cherokee, ndipo msewu umapatsidwa kwa iwo kwa kanthawi. Msonkhano ukayamba, bwalo limatsekedwanso masana aliwonse chifukwa cha zionetsero, ndipo 8 koloko madzulo limatsekeratu.

Njira: nyanja ya Michigan sitiwoloka. Ngakhale pomwe yapapatiza ndi mamailosi pafupifupi 60 a madzi ozizira, ndipo injini tili nayo imodzi. Tizungulira Chicago chakummwera ndi kumadzulo, kunja kwa mlengalenga wake wa Class B, momwe sulowa popanda chilolezo, kenaka kumpoto mpaka Watertown, komwe tidzadzaze matanki. Lamulo limafuna mafuta otsala a mphindi 30 masana, koma ine ndikufuna kulowa mumzere ndili ndi a maola atatu. Anthu amazungulira nyanja zija nthawi yaitali nyengo ikasokoneza, ndipo munthu amene mafuta akumuthera ndi amene amayamba kulowerera mzere. Akatsala a ola limodzi ndi theka tisanadutse Ripon, tikatera ku Fond du Lac kapena ku Appleton, nkhani yatha. Ndalemba zimenezi papepala tili pansi, mitima ili m'malo.

Tenti taiyesa pambali pa ndege. Imakwana kuseri kwa phiko lamanzere, ndipo nsalu ina tikaiponya pamwamba pa phiko tipeza mthunzi.

Lachisanu usiku, North 40

Tafika. Ndikulemba ndi tochi m'tenti.

Tinanyamuka kukucha, mpweya uli bata, ndipo cha m'ma 10 koloko tinali titadzaza mafuta ku Watertown. Pabwalopo panali ndege zina zambiri za ulendo womwewu, aliyense chikalata m'manja. ATIS inati mzere ukuyambira pa Green Lake. Tisanafike ndinatsikira pa 1,800, kuika 2,150 rpm, nyali zonse kuyatsa, ndipo tinasiya kucheza. Alamu anayamba kutchula: ina kumanja m'mwamba, ziwiri kutsogolo, ina ikuchokera kummwera. Poyamba zimaoneka zobalalika, kenaka umaona kuti zonse zikuthira pamalo amodzi n'kukhala mzere ngati nyerere zopita kufunkha. Tinapeza Cherokee yofiira ikuyenda bwino pa 90, tinalowa kumbuyo kwake. Pamwamba pathu ndege ina ya mtundu wa RV inadutsa pa 2,300.

Ripon, kenaka njanji. Mtunda wa Ripon mpaka Fisk sukwana mphindi 7 pa liwiro limenelo, koma m'mphindi zimenezo ndinagwira ntchito yonse ya Meyi. Mpweya unali utayamba kuwira, ndege ikufuna kukwera mafiti 100, ine kuibweza. Pa wailesi ya ku Fisk, 120.7, mawu a wowongolera ankangoyenda osapuma, odekha, ndipo panalibe wina aliyense wolankhula. Titadutsa Pickett, Cherokee inaitanidwa, inagwedeza, inapatsidwa 36L n'kukhotera kummawa. Kenaka ife. Ndinagwedeza mwamphamvu, mbali ndi mbali, monga aphunzitsi ananenera kuti kugwedeza kwaulesi sikuoneka pansi. Tinayamikiridwa kugwedezako, tinapatsidwa 27, kutsata njanji, 118.5. Alamu anali atatsegula kale tsamba lake.

Mgodi wa miyala unaoneka pomwe chithunzi chinanena. Pakati pa downwind anatiuza kuyamba kutsika, ndipo anatikhotetsa tisanafike kunyanja. Madigiri 30, geji pa 70, alamu akuiwerenga chapansipansi. Tinapatsidwa dontho lobiriwira, lomwe lili kutsogolo kwa laolenji, ndipo ndinamva wina kumbuyo kwathu akupatsidwa laolenjilo. Ndinasunga mphamvu pang'ono, tinadutsa laolenji tili m'mwamba, matayala anagunda pa lobiriwira. Anatiuza kutulukira pa udzu liwiro likalola, ndipo mawu otsatira anali akuti takulandirani ku Oshkosh. Alamu anandigwira paphewa osanena kanthu, kenaka anakweza chikwangwani cha GAC pagalasi.

Kuchoka apo ndi anthu ongodzipereka, ovala mavesiti owala, wina kukupereka kwa mnzake ndi manja mpaka pa mzere wako. Chiwongolero ndinachikokera kumimba njira yonse kuti pulopela italikirane ndi nthaka. Titazimitsa anatithandiza kukankhira ndege pa matabwa athu. Tenti inadikira. Choyamba zikhomo: chilichonse chili ndi misomali itatu yaitali yokhomedwa mopendekera mbali zosiyana, pansi pa phiko lililonse ndi kumchira, zingwe zolimba, chokhomera chiwongolero m'malo mwake.

Lamulungu

Dzulo lonse tinakhala pa mipando yathu m'mbali mwa msewu 27, wailesi ya m'manja pa 118.5, kuonerera anzathu akulowa. Sukulu yoposa iyi sindinaionepo. Ukamva lamulo n'kuona ndege ikulichita, umazindikira msanga amene anakonzeka. Ambiri ndithu amatera bwino. Wina anapatsidwa lobiriwira koma anakhazika pa laolenji, ndipo wakumbuyo kwake anauzidwa kukweranso, anatero mosachedwa, mwaukhondo. Anthu okhala m'mbali anamuombera m'manja wokwerayo. Ma Bonanza analowa masana, atatuatatu, mzere wosaoneka mapeto.

Usiku kunabwera mvula yamkuntho kuchokera kumadzulo, monga imachitira kuno nyengo ino. Chenjezo linafika pa mafoni nthawi ilipo, ndipo mzere wathu wonse unatuluka ndi matochi. Chomwe ndaphunzira apa n'chakuti kumanga bwino ndege yako ndi theka chabe la ntchito, chifukwa ya mnzako ikazuka ikagwera pa yako. Bambo wa ndege yoyandikana nafe anali ndi zikhomo zopota zija zomangira agalu, zomwe dothi likanyowa zimazuka ngati chinangwa chamumchenga. Sanachite kupemphedwa kawiri. Wina anabweretsa zikhomo zake zapadera, ife hamala, ndipo tinamanga mvula isanayambe. Mphepo inaweramitsa tenti mpaka kutigunda kumaso, alamu atagwira mtengo wina ine wina. Matenti angapo m'mizere ina anagwa. Ndege za mzere wathu palibe yomwe inasuntha.

M'mawa uno pansi pali nyowe, ndipo ndege zomwe zilibe matabwa matayala alowa mpaka m'nthiti. Alamu anaona, anangopukusa mutu n'kukateleka madzi a tiyi, kutali ndi phiko poti m'menemo ndi momwe muli mafuta.

Lachitatu

Moyo wa pamsasa wakhazikika. M'mawa amatidzutsa ndi nyimbo ya yodel pa zimkuzamawu, kenaka ndege zoyamba kunyamuka. Kubafa umalawirira, apo ayi mzere. Mabasi a sukulu amazungulira North 40 kukutula pachipata, ndipo mkati muli ngolo zokokedwa ndi mathirakitala. Mafoni tikutchaja ndi kasola kathu kopinda. Mame a kuno ndi ambiri, nsapato zosiyidwa panja zimacha zitanyoweratu.

Zoona n'zambiri moti munthu sangazimalize, ndiye tasankha. Ford Tri-Motor, ndege ya m'ma 1920, imangonyamula anthu tsiku lonse, ndi mahelikopita a Bell 47 pamwamba pathu. Ndakhala m'mawa wathunthu pa phunziro la kukhoma ma rivet pa malata a aluminiyamu, lomwe amaphunzitsa ongodzipereka, ndipo ndatuluka ndikumvetsa bwino zomwe makaniko wathu amaona akamasisita phiko ndi chala. Alamu mtima wawo watsalira ku Seaplane Base, kagombe kabata ka nyanja ya Winnebago komwe kumatera ndege za pamadzi. Usiku uno kuli chionetsero cha mumdima, china chidzakhala Loweruka.

Chomwe chandigwira kwambiri si ndege zankhondo kapena zikuluzikulu za pa Boeing Plaza, koma mizere ya ndege zomangidwa ndi manja, makamaka ma RV a Van's osawerengeka, mwini wake atakhala pansi pa phiko kuyankha mafunso a aliyense. Anthu ndi ochuluka chotere, ndege zili poyera popanda mpanda, koma sindinaone munthu akugwira ya mnzake osapempha, ndipo pa kapinga palibe chinyalala. Ongodzipereka pamsonkhanowu amaposa 5,000.

Lachisanu, titabwerera

Tinapita dzulo lake kukamva malangizo a onyamuka, ndipo m'mawa ndinaiunika ndege nthawi yaitali kuposa masiku onse. Yakhala panja sabata yamvula ndi mame, ndiye ndinakhetsa mafuta pansi pa matanki onse mpaka ndinatsimikiza kuti mulibe madzi. M'tanki lamanja munatuluka timadontho. Ndinasuzumira m'injini ndi kumchira kuona ngati mbalame sizinamange, ndinachotsa chophimba pitot, kapaipi koyezera liwiro, ndinayendera pomwe tidutse kuona maenje. Ndege tinaikoka ndi manja kuitulutsa mumzere tisanalize injini, kuti mphepo ya pulopela isagwetse matenti a anzathu. Chikwangwani cha VFR pagalasi, ATIS ya onyamuka, ndi mzere wautali wa pa udzu. Kutentha kwa mafuta a injini kunakwera kufika cha kumtunda kwa malo obiriwira tikudikira, koma sikunapitirire.

Ponyamukanso palibe kulankhula. Owongolera amaima pa kansanja m'mbali mwa msewu, amakutchula, amakuika kumanzere kapena kumanja kwa msewu, n'kukumasula. Pa 27 umakhala pa mafiti 1,300 kapena kutsika apo mpaka utatuluka m'dera la nsanja, chifukwa olowa ali pa 1,800 pamwamba pako. Titatuluka tinakwera mpaka 4,500 tisanakhotere kummwera, kuti tidutse kutali pamwamba pa mzere wa Ripon, womwe unali udakali ndi ndege zolowa.

Zotsala pa ntchitoyi: makaniko abwera Lachiwiri kudzasintha mafuta a injini, kuona sefa ya mpweya yomwe yadya fumbi ndi udzu, ndi kubwezeretsa zophimba matayala tikatsuka mabuleki. Ndawapempha ayang'anenso labala wa chotsekera tanki lamanja, poti madzi aja analowera penapake. Chingwe cha kumchira chaperepeseka pomwe chimakhuza mphete, tigula china chokulirapo. Pulopela ili ndi kachipsera kakang'ono pafupi ndi nsonga, ka mwala wa pa udzu paja, ndipo ndege siuluka mpaka makaniko atakayeza n'kukasalaza.